Masewera anu a pa bolodi kapena a makadi akuvuta: zizindikiro, zoyambitsa ndi makonzedwe ake

Mavuto amene amaononga masewera atsopano ndi omwewomwewo, kaya masewerawo ndi a malonda a pamsika, a ulimi kapena ophunzitsa ana masamu. Chimene chimasokoneza opanga masewera ambiri n'chakuti oyesa masewera amaloza molondola pamene pakuwawa, koma mankhwala amene amapereka nthawi zambiri sakhala oyenera. Munthu akati "onjezani makadi olanda ndalama", chimene chamuchitikira n'chakuti anatsalira m'mbuyo ndipo analibe njira yobwererera. Lembani dandaulo lake monga walinenera, koma choyambitsa chake muchifufuze nokha.

Pansi pa chizindikiro chilichonse, zoyambitsa zandandalikidwa kuyambira chimene chimapezeka kawirikawiri kufika pa chosowa.

## Musanasinthe kanthu

Nthawi iliyonse yoyesa, khalani ndi pepala ndipo mulembe izi:

- chiwerengero cha osewera, mmene anakhalira, ndi amene anayamba
- nthawi yoyambira ndi yothera
- mapointi a aliyense masewera ali pakati, komanso pamapeto
- funso lililonse limene lafunsidwa
- mphindi imene wina watulutsa foni kapena wayamba nkhani zina

Sinthani chinthu chimodzi pa nthawi, ndipo museweretse katatu kapena kuposerapo musanagamule. Mukasintha zinthu zinayi limodzi masewera n'kukoma, simudzadziwa chimene chathandiza. Lembaninso nambala ndi tsiku pamwamba pa pepala la malamulo lililonse, kuti gulu lina lisayese malamulo amene munawasiya kale.

## Amene watsogola koyambirira sagwidwanso

Poyesa: yerekezani wotsogola masewera ali pakati ndi wopambana pamapeto. Ngati ndi munthu mmodzi yemweyo maulendo 8 mwa 10, theka lachiwiri la masewera anu likungotaya nthawi ya anthu.

1. Mphoto ya kupambana ndiyonso chida chopambanira. Ndalama zikugula minda, minda ikubala ndalama, ndalamazo n'kugulanso minda ina. Umu ndi mmene Monopoly imayendera, ndipo muzu wake ndi masewera a Elizabeth Magie a mu 1904, The Landlord's Game, amene anawapanga dala kuti aonetse mmene malo amaunjikanira m'manja mwa munthu mmodzi. Ngati cholinga chanu si chimenecho, lekanitsani mapointi ndi chuma: mapointi asagule kanthu, ndipo wofuna mapointi azitaya chuma chake kuti awapeze. Njira ina ndi kukweza mtengo pang'onopang'ono. Munda woyamba ukhale wa ndalama 2, wachiwiri 3, wachitatu 5, wachinayi 8, pamene zokolola za munda uliwonse sizikusintha.
2. Wotsogola ndiyenso amayamba kusankha. Tembenuzani dongosolo. Mu Power Grid, masewera a Friedemann Friese a mu 2004, wotsalira ndiye amayamba kugula zipangizo zikadali zotchipa, ndipo wotsogola amagula pomaliza mtengo utakwera.
3. Masewera akupitirira nkhani itatha kale. Onani raundi imene wopambana anadziwika. Ngati ndi ya 6 mwa maraundi 10, yesani maraundi 7. Kukonza kumeneku n'kosavuta kuposa kwina konse, koma opanga amakuzengereza chifukwa amadandaula makadi amene anawalembera maraundi omaliza.
4. Mapointi onse ali poyera. Nthawi zina kusiyana kwake n'kochepa, koma otsalira agwa ulesi chifukwa akuona manambala. Bisani gawo lina, monga khadi la cholinga chachinsinsi limene limawerengedwa pamapeto. Ticket to Ride ya Alan R. Moon imachita zimenezi ndi makadi a njira zimene wosewera ayenera kulumikiza.

Musapyole muyeso. Mukalanga wotsogola kwambiri, osewera ochenjera amayamba kudzibweza dala kuti akhale achiwiri mpaka raundi yomaliza, ndipo masewera amasanduka mpikisano wobisala. Chenjeraninso ndi makadi olanda kapena oononga za mnzako. Amaoneka ngati yankho, koma amabweretsa vuto lina: munthu amene sangapambane ndiye amasankha wopambana pakati pa anzake awiri, ndipo wolandidwayo amachoka patebulo ali ndi mkwiyo.

## Woyamba kusewera ndiye amapambana nthawi zambiri

Pa osewera anayi, malo aliwonse ayenera kupambana pafupifupi kamodzi pa maulendo anayi. Maulendo 10 ndi ochepa kuti mugamule. Sonkhanitsani 30 kapena kuposerapo, ndipo anthu azisinthana malo.

1. Mipata yosewera sikufanana. Ngati masewera amatha pompo wina akafika pa mapointi 20, woyamba amakhala atasewera kamodzi kuposa anzake. Lamulo likhale lakuti raundi ithe kaye.
2. Pali chinthu chimodzi chabwino kuposa zonse pachiyambi. Gwiritsani ntchito dongosolo lobwerera posankha zoyambira: 1, 2, 3, 4, kenako 4, 3, 2, 1, monga zimachitikira m'masewera a Catan. Kapena ikani kachizindikiro ka woyamba kamene kamasuntha raundi iliyonse.
3. Woyamba ali ndi mwayi pang'ono umene suchotseka. Lipirani enawo: wachiwiri ayambe ndi ndalama imodzi yowonjezera, wachitatu ziwiri. M'masewera a Go ku Japan, wosewera wachiwiri amapatsidwa mapointi 6.5, ndipo theka limenelo limathandizanso kuti pasakhale kufanana mphamvu.
4. Inuyo ndi amene mumayamba nthawi zonse pofuna kuonetsa anthu. Apa vuto si malo. Wopanga amadziwa makadi onse.

## Anthu akutopa podikira mpata wawo

Werengani motere: pa osewera anayi, aliyense akatenga mphindi 2, munthu amadikira mphindi 6 kuti asewerenso. Pa osewera asanu ndi mmodzi amadikira mphindi 10. Masewera amene anakoma pa anthu atatu akhoza kufa pa anthu asanu popanda lamulo lililonse kusintha, n'chifukwa chake chiwerengero chilichonse chimene mudzalembe pa bokosi chiyenera kuyesedwa pachokha.

1. Wosewera sangakonzekere mpata wake usanafike. Izi zimachitika akamatola makadi atsopano poyamba mpata wake, n'kuyamba kuwawerenga anzake akumuyang'ana. Sunthani kutolako kukhale kumapeto kwa mpata, kuti awerenge anzake akusewera.
2. Zosankha zachuluka. Makadi 10 m'manja ndi malo 12 pa bolodi ndi njira 120 zoti munthu aziganizire. Tsitsani makadi a m'manja afike pa 5, kapena gawani mpata m'zochita zing'onozing'ono, chimodzi pa nthawi.
3. Palibe chimene chimakukhudza mnzako akamasewera. Lolani kusinthana katundu, kapena onse asankhe khadi mobisa n'kutembenuza pamodzi.
4. Masamu achuluka. Mitengo ya 35, 120 ndi 275 imachedwetsa chabe. Gawani manambala onse atsike pansi pa 10 ngati n'kotheka.
5. Wina watuluka msanga. Kutulutsa wosewera kumaloledwa m'masewera a mphindi 10 kapena 15. M'masewera a ola lathunthu, musatero.

Ngati ndi munthu mmodzi yekha amene amachedwa m'gulu lililonse limene alimo, musasinthe malamulo chifukwa cha iye.

## Masewera sakutha, kapena akutha mwadzidzidzi

1. Mathero akudalira kuti wina achite chinthu chimene sichimupindulira. Aliyense amapewa, ndipo masewera amangozungulira. Ikani chinthu chimene chimatha chokha: mulu wa makadi umene subwezeretsedwa, kapena chiwerengero chokhazikika cha maraundi.
2. Osewera amatha kubwezana m'mbuyo popanda malire. Chepetsani makadi obwezawo, kapena khadi lotere likagwiritsidwa ntchito lichoke m'masewera.
3. Pamafunika nambala yeniyeni ya dayisi kuti munthu amalize, monga ambiri amachitira pa ludo. Pa dayisi imodzi, nambala imene mukufuna imabwera kamodzi pa maulendo 6. Lolani nambala yopyola kuti igwire ntchito.
4. Mathero akubwera osaoneka. Onetsani kuti nthawi ikutha, ndipo mupatse aliyense mpata umodzi womaliza.

## "Apa ndi mwayi basi, nzeru palibe"

Dandaulo ili limafuna kuwerengera, osati kungoganizira. Opanga ambiri salakwitsa pa kuchuluka kwa mwayi, koma pa malo amene mwayiwo auika.

1. Dayisi ikuponyedwa munthu atasankha kale. Wosewera waganiza bwino, wayika chuma chake, kenako dayisi yafafaniza zonse. Tembenuzani: aponye kaye, kenako asankhe chochita ndi nambala imene yabwera. Mwayi ndi womwewo, koma tsopano munthu akumva kuti wasankha yekha. Anthu ozolowera bawo, mmene mulibe dayisi ndipo mabowo 32 onse ali poyera, amazindikira vutoli msanga, choncho ndi oyesa abwino pa nkhaniyi.
2. Manambala a madayisi awiri mwawatenga ngati ofanana. Pali njira 36 zimene madayisi awiri angagwere. Nambala 7 imabwera m'njira 6, nambala 6 ndi 8 m'njira 5 iliyonse, pamene 2 ndi 12 zili ndi njira imodziimodzi. Mphoto ya pa 12 ikafanana ndi ya pa 7, wokhala pa 7 amalandira kasanu ndi kamodzi kuposa mnzakeyo. Klaus Teuber, amene anapanga Catan, anaika wakuba wolanda katundu wa osewera pa 7 m'malo moikapo zokolola.
3. Khadi lofunika kuti munthu ayambe kusewera ndi losowa. Mu mulu wa makadi 40, mutagawa 5 kwa munthu, mwayi woti apeze limodzi mwa makadi ofunikawo uli motere: akakhala 4 mu muluwo ndi pafupifupi 43 peresenti, akakhala 8 ndi 69 peresenti, akakhala 10 ndi 78 peresenti. Ndiye kuti ngakhale ndi makadi 10, munthu mmodzi mwa asanu amayamba ali manja lende. Ngati khadilo ndi lofunikadi, mupatseni aliyense limodzi poyamba, kapena lolani kubweza makadi onse n'kutola ena kamodzi.
4. Makadi oopsa akubwera motsatizana. Gawani mulu m'timilu tofanana, ikani khadi loopsa limodzi m'kamulu kalikonse, sakanizani kalikonse pakokha, kenako sanjikizani. Umu ndi mmene Matt Leacock anakonzera makadi a mliri mu Pandemic ya mu 2008.
5. Makadi sanasakanizike. Akatswiri a masamu Dave Bayer ndi Persi Diaconis anaonetsa mu 1992 kuti makadi 52 amafunika kusakanizidwa pafupifupi kasanu ndi kawiri mwa njira yogawa mulu pawiri n'kulowetsana. Makadi odula pamanja amamatirirana, choncho amwazeni patebulo n'kuwavundula ndi manja.

## Mukachokapo anthu akusewera molakwika

Kuyesa kwenikweni n'kumeneku: perekani bokosi ndi pepala la malamulo kwa anthu amene sanaonepo masewerawo, khalani pambali, ndipo musayankhe funso lililonse. N'kowawa kuonerera, koma wogula sadzakhala nanu m'nyumba mwake. Abale ndi anzanu apamtima sakwanira pa ntchitoyi chifukwa amakumverani chisoni.

1. Lamulo lili m'mutu mwanu, papepala palibe. Funso lililonse limene munalemba poyesa lipeze yankho m'malamulo.
2. Chinthu chimodzi chili ndi mayina awiri. Mukalemba "ndalama" patsamba loyamba, musalembe "makobidi" pa khadi. Mukalemba "taya khadi" ndi "chotsa khadi", owerenga amayesa ndi zochita ziwiri zosiyana. Ngati malamulo ali m'Chichewa ndi m'Chingerezi, lembani kaye mndandanda wa mawu ofunika m'zinenero zonse ziwiri ndipo musapatukepo.
3. Dongosolo lasokonekera. Yambani ndi cholinga ndi mmene munthu amapambanira, kenako zimene zili m'bokosi, kayalidwe kake ndi chithunzi, zochita pa mpata uliwonse, mathero, ndipo zapadera zikhale kumapeto.
4. Lamulo likuiwalika ndi gulu lililonse. Magulu atatu osiyana akaiwala lamulo limodzi lomwelo masewera n'kuyenda bwinobwino, lichotseni. Ngati ndi lofunika, lilembeni pa bolodi pamalo pamene limagwirira ntchito.

## Zipangizo zikulepheretsa kuyesa

- Makadi akudziwika kumbuyo: pepala ndi lopyapyala kapena kudula sikunafanane. Sindikizani pa pepala wamba, dulani, n'kumata pa makadi akale a m'sitolo, kapena lowetsani zonse ziwiri m'timatumba ta pulasitiki ta makadi. Muyeso wofala ndi mamilimita 63 m'lifupi ndi 88 m'litali, ndipo pa pepala la A4 pamakwana makadi 9.
- Anthu akusokoneza mitundu: ena satha kusiyanitsa chofiira ndi chobiriwira, ndipo madzulo pa nyali yochepa mphamvu aliyense amavutika. Mtundu uliwonse ukhale ndi chizindikiro chakechake, monga nyenyezi kapena mtanda.
- Manambala akubisika m'manja: aikeni pakona ya pamwamba kumanzere.
- Mukuopa kusintha chifukwa zojambula zadya ndalama: musalipire wojambula malamulo asanakhazikike. Katoni, zitsekerero za mabotolo ndi nyemba n'zokwanira pa miyezi yoyamba.

## Makampani osindikiza masewera sakuyankha kapena akukana

1. Mwatumiza ku kampani yosayenera. Kampani ya masewera a ana a mphindi 15 singatenge masewera a nkhondo a maola atatu. Onani zimene yatulutsa zaka ziwiri kapena zitatu zapitazi, ndipo werengani ngati ikulandira masewera atsopano ndi njira imene ikufuna muwatumizire.
2. Simunanene chimene chili chatsopano. Konzani tsamba limodzi lokha, limene amalitcha sell sheet: dzina, chiwerengero cha osewera, msinkhu, mphindi, chithunzi cha masewera atayalidwa patebulo, ziganizo ziwiri kapena zitatu za chimene wosewera amachita ndi chimene chimasangalatsa, mndandanda wa zipangizo, ndi mmene angakupezereni. Onjezani vidiyo ya mphindi 2. Musayambe ndi mbiri ya dziko la m'masewera anu.
3. Zipangizo zachuluka poyerekeza ndi mtengo umene masewera otere amagulitsidwa. Ambiri m'ntchitoyi amawerengera kuti mtengo wa m'sitolo ukhale pafupifupi kasanu kuposa mtengo wopangira bokosi limodzi. Mafakitale ambiri amasindikiza makadi 54 kapena 55 pa chipepala chimodzi chachikulu, choncho makadi 58 angakulipiritseni zipepala ziwiri.
4. Mwawauza kuti asaine kaye pepala losunga chinsinsi. Makampani ambiri amakana, chifukwa amaona maganizo ofanana ambirimbiri. M'mayiko ambiri, lamulo la umwini wa zolemba limateteza mawu a malamulo anu ndi zojambula, osati ganizo la kaseweredwe.
5. Sangathe kuwayesa. Zionetsero zazikulu kumene opanga amakumana ndi makampani zili kutali: SPIEL ku Essen m'dziko la Germany mwezi wa Okutobala, Gen Con ku Indianapolis, UK Games Expo ku Birmingham. Ngati simungafikeko, ikani masewera anu pa Tabletop Simulator kapena Tabletopia, mapulogalamu osewerera masewera a pa bolodi pa kompyuta, kapena konzani fayilo ya PDF yoti asindikize okha.

Pakatha milungu inayi kapena isanu ndi umodzi osayankhidwa, kumbutsani kamodzi mwaulemu, kenako pitani kwina. Makampani atatu akakana ndi chifukwa chimodzi chomwecho, bwererani kukakonza masewerawo musanatumizenso.

Ngati mukugulitsa kusukulu, kumipingo kapena ku mabungwe m'Malawi ndi m'Zambia, pali chokhumudwitsa china: anthu ambiri akaona makadi ndi dayisi amaganiza za juga. Pokumana nawo, yambani ndi chimene mwana aphunzire, onetsani kuti palibe kubetcha, ndipo pewani zizindikiro za makadi a juga pa zojambula zanu. Mphunzitsi amafunanso kudziwa ngati masewerawo angathe mkati mwa phunziro limodzi, ndi kuti kalasi ya ana ochuluka ifunika mabokosi angati.

## Pamene muyenera kuima n'kufunsa katswiri

Loya wodziwa za umwini wa zolemba, musanasaine mgwirizano uliwonse. Aone ngati mukubwereketsa masewera kapena mukuwagulitsiratu, mayiko ndi zinenero zimene zikukhudzidwa, ndi ndime yokubwezerani masewera anu kampani ikalephera kuwatulutsa pa nthawi yoikika kapena ikasiya kuwasindikiza. Gawo la wopanga nthawi zambiri limakhala pakati pa 5 ndi 8 peresenti, koma funsani kuti ndi peresenti ya chiyani: mtengo wa m'sitolo, kapena ndalama zimene kampani yalandira, zimene ndi zochepa kwambiri. Kampani ikafuna kuti inuyo muyambe mwailipira kuti ione masewera anu, imani pomwepo.

Ofesi yoona za zizindikiro za malonda, musanasindikize dzina pa bokosi. Bungwe la ARIPO la ku Harare limalembetsa zizindikiro za mayiko angapo a mu Africa. Pa nkhani ya zojambula ndi zolemba, funsani COSOMA, bungwe loteteza umwini wa zolemba ku Malawi. Wojambula wanu asainenso pepala lonena ntchito imene mwaloledwa kuchita ndi zithunzi zake.

Oona za chitetezo cha katundu, ngati masewera ndi a ana. Ku Ulaya, masewera a ana osakwana zaka 14 amatengedwa ngati zidole ndipo amayesedwa motsatira muyeso wa EN 71. Ku America muyeso wake ndi ASTM F963. Tizidutswa ting'onoting'ono timatsamwitsa ana osakwana zaka 3, ndipo timaginito timavulaza matumbo tikamezedwa. Ku Malawi funsani Malawi Bureau of Standards. Musaganizire nokha za penti kapena pulasitiki.

Bungwe loona za juga, ngati pali kubetcha ndalama zenizeni kapena mphoto yodalira mwayi. Ku Malawi ndi Malawi Gaming and Lotteries Authority.

Katswiri wokonza mafayilo osindikiza, musanalipire fakitale. Mafayilo amafunika mitundu ya inki yosindikizira yotchedwa CMYK, zithunzi za 300 dpi (timadontho 300 pa inchi), ndi mamilimita 3 opyola m'mphepete modulidwa. Pemphani bokosi limodzi lachitsanzo, muwerenge khadi lililonse ndi kusewera nalo musanavomereze. Mafakitale akuluakulu ambiri sapanga mabokosi ochepera 1,000 kapena 1,500, ndipo cholakwika chimodzi chimatuluka m'mabokosi onsewo.

Wodziwa za kasitomu ndi zonyamula katundu, ngati mukusindikiza kunja. Akuwerengereni mtengo wa sitima, wa galimoto kuchokera kudoko monga Beira, Nacala kapena Dar es Salaam, ndi msonkho wa MRA, musanauze aliyense mtengo wa bokosi limodzi.